FAUSTO COPPI, KATSWIRI WA NJINGA AMENE ANAPHEDWA NDI MALUNGO

Mlendo amene watsika ndeke pa bwalo la Mfuwe, asanaone njobvu kapena mvuu, amayamba waona njinga. Pa mseu wocokera pa bwalolo kupita ku cipata ca South Luangwa National Park njinga sizitha. Ina yasenza thumba la mpunga, ina makala, ina mwana wa sukulu, ndipo ina yabereka wodwala kunka naye ku cipatala. Kwa anthu a ku Malambo, monganso a ku Chipata kumene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle, njinga ndi ciwiya ca nchito monga khasu ndi nkhwangwa. Koma ku maiko a ku Ulaya kumene ambiri mwa alendowa amacokera, kupalasa njinga ndi masewera akulu amene amalemeretsa munthu ndi kuchukitsa dzina lace.

Mwa onse amene anachuka pa masewerawa, dzina la malemu Fausto Coppi wa ku Italy likumbukika kufikira lero. Anthu a kwao anamupatsa dzina lakuti Campionissimo, ndiko kuti katswiri wa akatswiri. Mbiri yace iri ndi phunziro kwa anthu a m'cigwa ca Luangwa, pakuti munthu amene mapiri a ku Ulaya analephera kumugonjetsa anaphedwa ndi matenda amene banja liri lonse kuno liwadziwa.

MWANA WA MLIMI

Coppi anabadwa pa 15 Sepitembala, 1919, m'kamudzi ka pa phiri ka Castellania, kumpoto kwa Italy. Makolo ace, a Domenico Coppi ndi amai Angiolina Boveri, anali alimi ang'onoang'ono, ndipo iye anali wacinai mwa ana asanu. Anali mnyamata woonda, wa miyendo yaitali ndi cifuwa cotumphuka, kotero kuti palibe amene akadaganiza kuti m'thupi lotere munali mphamvu. Sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 13 analembedwa nchito pa sitolo yogulitsa nyama m'tauni ya Novi Ligure, ndipo nchito yace inali yoperekera katundu kwa ogula pa njinga. Kukwera ndi kutsika zitunda tsiku ndi tsiku ndiko kunalimbitsa miyendo yace.

M'tauni yomweyo munali kukhala Biagio Cavanna, mkulu wosaona amene nchito yace inali yothowa minofu ya opalasa njinga ndi kuwalangiza. Cavanna anali kuzindikira mphamvu za munthu ndi manja ace. Atakhudza miyendo ndi msana wa mnyamatayu anamutenga kukhala wophunzira wace, namuikira malamulo a kadyedwe, kagonedwe ndi mitunda yoyenera kupalasa pa tsiku. Abale ace anasonkha ndalama zomugulira njinga ya mpikisano, ndipo posakhalitsa anayamba kupambana m'mipikisano ya m'midzi.

MMENE MIPIKISANO YAIKULU IYENDERA

Kuti mbiri ya Coppi imveke bwino, nkoyenera kudziwa kayendetsedwe ka mipikisano iwiri imene anachukirapo: Giro d'Italia wa ku Italy ndi Tour de France wa ku France. Uli wonse umatenga milungu itatu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ulendo wace umagawidwa m'zigawo, cigawo cimodzi pa tsiku. Nthawi imene munthu watenga pa cigawo ciri conse imalembedwa ndi kuonkhetsedwa ndi ya masiku ena. Amene nthawi yace yonse iri yocepa kuposa anzace ndiye wotsogola, ndipo amavala malaya apadera: apinki ku Italy, acikasu ku France. Motero munthu angathe kupambana mpikisano wonse ngakhale masiku ambiri sanafike poyamba.

Opalasa amalowa m'magulu, ndipo gulu liri lonse liri ndi mtsogoleri ndi omutumikira. Omutumikirawo amamuchinjiriza ku mphepo, amamutengera madzi, ndipo njinga yace ikaonongeka amamupatsa yao. Zigawo zoyamba kawirikawiri zimakhala za m'zidikha, kumene akatswiri amangoyang'anana ndi kusunga mphamvu za ku mapiri. Apa ndi pamene acinyamata osadziwika amatsogola. Apanso ndi pamene ngozi zimaculuka, pakuti onse akali ndi mphamvu ndipo amapanikizana pa mseu.

Mu 1940 Coppi analembedwa m'gulu la Legnano kuti atumikire Gino Bartali, amene pa nthawiyo anali mfumu ya njinga mu Italy. Pa tsiku laciwiri la Giro, Bartali anagunda galu nagwa, ndipo anataya nthawi yambiri. Gulu linamasula mnyamatayo kuti ayese mwai wace. Pa cigawo ca 11, kucokera ku Florence kupita ku Modena, Coppi anasiya onse pa phiri la Abetone natenga malaya apinki, ndipo sanawavulenso. Anapambana ali ndi zaka 20, ndipo kufikira lero palibe wamng'ono kuposa iye amene anapambanapo Giro.

NKHONDO NDI UKAIDI

Mpikisanowo unatha pa 9 Juni, 1940. M'mawa mwace dziko la Italy linalowa m'Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, nkhondo yomwe ija imene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi Mataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia. Coppi anakhala msilikali, koma poyamba analoledwa kupitiriza masewera. Pa 7 Novembala, 1942, pa bwalo la Vigorelli mu mzinda wa Milan, anapalasa makilomita 45 ndi mamita pafupifupi 800 mu ola limodzi, mtunda umene munthu anali asanaufikepo. Panapita zaka 14 kuti wina, Jacques Anquetil wa ku France, aupitirire mu 1956.

Mu 1943 anatumizidwa ku nkhondo ku Tunisia, ndipo mu Epulo caka comweco anagwidwa ndi asilikali a Britain. Umu ndi mmene anapondera nthaka ya Africa nthawi yoyamba. Anakhala mkaidi pafupifupi zaka ziwiri, nabwerera ku Italy mu 1945. Zaka zimene wopalasa njinga amakhala pa cimake ca unyamata wace zinathera m'msasa wa akaidi. Caka comweco anakwatira Bruna Ciampolini, ndipo mu 1947 anabereka mwana wamkazi, Marina.

Atalowa m'gulu la Bianchi mu 1946, anaonetsa kuti ukaidi sunamuthe mphamvu. Pa mpikisano wa tsiku limodzi wocokera ku Milan kupita ku San Remo anathawa anzace ulendo ukali kutali, nafika mphindi 14 waciwiri asanaoneke. Kuyambira pamenepo dziko la Italy linagawanika pawiri. Ena anali a Bartali, munthu wopembedza ndi wolimba ngati mwala. Ena anali a Coppi, munthu wacete amene anali kusamala za zakudya, za kulemera kwa njinga ndi za kaphunzitsidwe katsopano. Mkangano umenewu unali kulowa m'mabanja ndi m'malo omwera.

MASIKU ASANU OYAMBA A 1949

Mu Juni 1949 Coppi anapambana Giro kacitatu. Pa cigawo ca Cuneo kupita ku Pinerolo anapalasa yekha makilomita 192, kudutsa mapiri asanu, nasiya Bartali ndi mphindi pafupifupi 12. Patapita milungu yowerengeka anakalowa Tour de France kwa nthawi yoyamba. Masiku amenewo magulu a mu Tour anali a maiko, conco adani awiriwa anayenera kuvala malaya amodzi. Woyang'anira gulu la Italy, Alfredo Binda, amenenso pa nthawi yace anapambana Giro kasanu, anabvutika kuwayanjanitsa, ndipo anacita kuwasonkhanitsa m'tauni ya Chiavari kuti apangane za kukhalirana bwino.

Mpikisano unayamba ku Paris pa 30 Juni ndi opalasa 120. Unali wa zigawo 21 ndi makilomita 4,808, ndiko kuti ulendo wa Lusaka kupita ku Chipata kasanu ndi katatu ndi kupitirira. Masiku anai oyamba anadzera ku Reims, ku Brussels m'dziko la Belgium, ku Boulogne ndi ku Rouen. Kunja kunali kutentha koopsya. Coppi ndi Bartali anali kungolondana, wina osafuna kuthera mphamvu pothamangitsa othawa kuopa kuti mnzace angapindule. M'menemo mnyamata wamfupi wa zaka 23, Jacques Marinelli wa ku France, anapeza mpata natenga malaya acikasu ku Rouen, akatswiri awiriwo atatsalira kale ndi mphindi zambiri.

Pa 4 Julayi panali cigawo cacisanu, ca makilomita 293 kucokera ku Rouen kupita ku Saint-Malo. Coppi anaganiza zobweza nthawi yotayika, ndipo analowa m'kagulu kamene kanathawa kutsogolo, momwe munalinso Marinelli ndi Ferdi Kübler wa ku Switzerland. Zinthu zinali kuyenda bwino, koma tsoka silinunkha. Coppi ndi Marinelli anagundana nagwa onse awiri. Marinelli anadzuka napitirira, koma njinga ya Coppi inali itaonongeka. Njinga yace yapadera inali m'galimoto ya Binda, ndipo Binda anali kumbuyo pamodzi ndi gulu lalikulu mmene munali Bartali. Coppi anakana njinga ina imene anafuna kumupatsa, naima pambali pa mseu kuyembekeza, mphindi zirikupita.

Galimoto itafika, mtima wace unali utasweka kale. Iye anaona ngati Binda wamutaya ndi kukondera Bartali. Anakwera njinga, koma anali kupalasa monga munthu wopita ku maliro, ndipo anzace anacita kumunyengerera kuti afike. Kübler anapambana cigawoco, ndipo Coppi anataya mphindi zoposa 18 tsiku limenelo lokha. Pa ciwerengero conse anali kumbuyo kwa Marinelli ndi mphindi zoposa 36. Pa mpikisano wotere munthu wotsalira motero amawerengedwa kuti wagonja, ndipo olemba nyuzi ambiri anatero. Usiku umenewo Coppi anafuna kulongedza katundu ndi kubwerera kwao.

Binda ndiye anapulumutsa zinthu. Anakhala naye pansi kwa nthawi yaitali, namukumbutsa kuti patsogolo panali zigawo 16, kuti mapiri onse anali asanakwereke, ndi kuti panali zigawo ziwiri zimene munthu ali yense amapalasa yekha polimbana ndi nthawi, nchito imene Coppi analibe wofanana naye. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. M'mawa mwace Coppi anaoneka pa mzere woyambira.

Pa cigawo ca 7, ca makilomita 92 kucokera ku Les Sables-d'Olonne kupita ku La Rochelle, ali yense anapalasa yekha, ndipo Coppi anapambana. M'mapiri a Pyrenees anadula mbali yaikulu ya ngongole yace. Pa 18 Julayi, m'mapiri a Alps, iye ndi Bartali anasiya ena onse nafika awiri ku Briançon. Linali tsiku limene Bartali anakwanitsa zaka 35, ndipo ndiye analowa poyamba natenga malaya acikasu. M'mawa mwace anathawanso awiri kulinga ku Aosta, koma tayala la Bartali linaphwa ndipo pambuyo pace anagwa. Coppi anacepetsa liwiro kumuyembekeza kufikira Binda atamutumizira mau akuti apitirire. Anafika yekha, navala malaya acikasu.

Pa cigawo ca 20, ca makilomita 137 kucokera ku Colmar kupita ku Nancy, anaposa Bartali ndi mphindi 7. Pa 24 Julayi analowa mu Paris ali wopambana, Bartali waciwiri ndi kusiyana kwa mphindi 10 ndi masekondi 55, Marinelli wacitatu. Mwa 120 amene anayamba, 55 okha ndiwo anatsiriza. Coppi anakhala munthu woyamba kupambana Giro ndi Tour caka cimodzi. Kuyambira pamenepo otsatira masewerawa akaona katswiri watsalira pa sabata loyamba, amakumbukira Saint-Malo asanamuweruze.

ULEMERERO NDI ZISONI

Zaka zotsatira zinasakaniza cimwemwe ndi misozi. Mu 1950 anapambana mpikisano wa Paris kupita ku Roubaix, wa pa miseu ya miyala. Pa 29 Juni, 1951, mng'ono wace Serse, amene anali kupalasa naye m'gulu limodzi ndipo anali msangalatsi wace, anagwa mu mzinda wa Turin pa mpikisano, gudumu litakodwa mu njanji ya m'tauni. Anadzuka ngati sanapweteke, koma anamwalira tsiku lomwelo ndi bala la m'mutu. Coppi analowa Tour ya caka cimeneco ali wosweka mtima ndipo anatsiriza wa nambala 10.

Mu 1952 anabwerera ndi mphamvu zoposa kale. Anapambananso Giro ndi Tour caka cimodzi. Iye ndiye anali woyamba kupambana pa phiri la Alpe d'Huez, caka cimene Tour inafikako koyamba, ndipo ku Paris anasiya waciwiri, Stan Ockers wa ku Belgium, ndi mphindi zoposa 28. Okonza mpikisano anacita kuonjezera mphoto ya waciwiri kuti ena asagwe ulesi. Mu 1953 anapambana Giro kacisanu, nakhalanso katswiri wa dziko lonse ku Lugano, ku Switzerland.

Moyo wace wa pa banja sunali wosalala. Anasiya mkazi wace nakakhala ndi Giulia Occhini, amene anali mkazi wa mwini. Pa nthawiyo malamulo a Italy sanali kulola kusudzulana, ndipo cigololo cinali mlandu wa boma. Mu 1955 awiriwa anaweruzidwa, ngakhale cilango cao cinaimikidwa, ndipo caka comweco mwana wao Faustino anabadwira ku Buenos Aires. Anthu ambiri amene anali kumuombera m'manja anamufulatira. Mphamvu nazo zinayamba kucepa, koma iye sanasiye njinga. Cakumapeto kwa 1959 anabvomera kulowa m'gulu la San Pellegrino, limene woyang'anira wace anali mdani wace wakale uja, Bartali.

ULENDO WOTSIRIZA

Mu Disembala 1959 Coppi anaitanidwa ku Upper Volta, dziko la kumadzulo kwa Africa limene kuyambira 1984 lichedwa Burkina Faso. Mtsogoleri wa dzikolo anali Maurice Yaméogo. Anapita pamodzi ndi akatswiri a ku France: Jacques Anquetil, Raphaël Géminiani, Roger Rivière, Henry Anglade ndi Roger Hassenforder. Pa 13 Disembala anacita mpikisano mu mzinda wa Ouagadougou, Anquetil nakhala woyamba, Coppi waciwiri. Atatero alendowo anatengedwa kukasaka nyama m'thengo ca ku Fada N'Gourma. Kumeneko Coppi ndi Géminiani anagona m'cipinda cimodzi, ndipo usiku wonse udzudzu sunawapatse tulo.

Anabwerera ku Ulaya Khrisimasi isanafike, ali bwinobwino. Umu ndi mmene malungo acitira: kacirombo kamayamba kabisala m'ciwindi kwa sabata kapena kupitirira, kenaka kamalowa m'magazi ndi kuyamba kuculukana. Cakumapeto kwa mweziwo onse awiri anagwidwa ndi kutentha thupi, wina ku France, wina ku Italy. Géminiani anadwala mpaka kukomoka, koma magazi ace anatumizidwa ku Institut Pasteur ku Paris, kumene anapeza kacirombo ka Plasmodium falciparum. Anapatsidwa kwinini, nacira.

A pa banja la Géminiani anaimba lamya ku Italy kucenjeza kuti Coppi nayenso ayenera kukhala ndi malungo. Madotolo amene anali kumusamala sanalabadire. Poyamba anayesa cimfine cacikulu, pambuyo pace matenda a m'mapapo, ndipo anamupatsa mankhwala a matenda amenewo. Safunsa anadya phula. Pa 1 Januwale, 1960, anamutengera ku cipatala ca Tortona ali wofookeratu, ndipo m'mawa wa pa 2 Januwale anamwalira ali ndi zaka 40. Anthu zikwi zambiri anakwera zitunda za Castellania m'nyengo ya cisanu kukamuika pafupi ndi mng'ono wace. Géminiani, amene analumidwa ndi udzudzu wa m'cipinda comweco, anakhala ndi moyo kufikira 2024, namwalira ali ndi zaka 99. Kusiyana kwa awiriwa kunali kupima magazi ndi kwinini wa mtengo wocepa.

ZIMENE ANASIYA

Dziko la Italy silinamuiwale. Kuyambira 1965 phiri lalitali kuposa onse pa Giro ya caka ciri conse limachedwa Cima Coppi, ndipo mu 2019, patatha zaka 100 cibadwire iye, mudzi wace unapatsidwa dzina lakuti Castellania Coppi. Mu 2024 Tour de France inayambira ku Italy, ndipo cigawo cacitatu, pa 1 Julayi, cinadzera ku Tortona pomukumbukira. Amene anapambana tsiku limenelo ku Turin anali Biniam Girmay wa ku Eritrea, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana cigawo ca Tour. Anyamata amene amathamangitsana pa njinga pa mseu wa Mfuwe kupita ku Chipata adziwe kuti khomo limeneli linatseguka.

Koma phunziro lalikulu liri pa masiku oyamba. Pa mpikisano wa njinga, munthu angataye mphindi 36 pa sabata loyamba nadzazibweza m'mapiri. Malungo a falciparum sapereka mpata wotere, ndipo ndiwo mtundu wa pafupifupi malungo onse a muno mu Zambia. M'cigwa ca Luangwa amakula makamaka m'dzinja ndi pamene madzi akali m'madambo. Masiku ano kupima magazi ndi kwa mphindi zowerengeka, ndipo kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 mankhwala a Coartem analowa m'malo mwa kolorokwini amene anatha mphamvu. Munthu watentha thupi, kaya ndi mwana kaya ndi mnyamata wamphamvu wokhoza kusenza matumba awiri pa njinga, asayembekeze kuti aone mmene kucere. Apite naye msanga ku Kakumbi, ku Kamoto kapena ku cipatala ciri conse capafupi, ndipo usiku banja lonse ligone m'neti.

Ogwira nchito m'misasa ya alendo ndi pa bwalo la ndeke la Mfuwe ali ndi udindo wina. Mlendo amakwera ndeke ali wamoyo ndi wokondwa, monga Coppi anacokera ku Ouagadougou, ndipo matenda amakamupeza kwao kumene madotolo ena saonaona malungo. Nkwabwino kumukumbutsa potsazikana kuti akadzatentha thupi m'milungu yotsatira, akauze dotolo kumene anali ndi kupempha kuti amupime magazi tsiku lomwelo.